Kodi mumadziwa? Kuchigwa cha Shire kulinso mapiri okwera

Kodi mumadziwa kuti malo otsikitsitsa m'Malawi muno ali m'boma la Nsanje? Ndi kumunsi cha ku Marka, pamene mtsinje wa Shire umatsazikana ndi dziko lino, ndipo nthaka ya pamenepo yangokwera mamita 37 okha kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Nsonga ya Sapitwa ku Mulanje ili pa mamita 3,002. Mwina n'chifukwa chake akumtunda akamva za Chikwawa ndi Nsanje amangoganiza za kutentha, mzimbe, ng'ombe ndi madzi osefukira. Za mapiri saganizako n'komwe. Komatu chigwachi chazingidwa ndi mapiri mbali zonse ziwiri, ndipo ambiri mwa iwo ndi oti munthu amadzuka mbandakucha, n'kukwera, n'kubwerera kudzadya nsima ya masana kunyumba.

Kodi mumadziwa kuti kuchokera ku Blantyre kufika pa boma la Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50 okha, koma msewu wa M1 umatsika mamita pafupifupi 900? Mukadutsa Mpemba, Chadzunda ndi Madziabango, msewu umayamba kupindikapindika, makutu amatseka, ndipo amene ananyamuka atavala juzi amaivula asanafike pa Thabwa. Ambirife timadutsa pamenepa titapanikizana m'minibasi, maso ali pa foni. Zimandiwawa, chifukwa malo oonera dziko okongola chotere ndi owerengeka m'Malawi. Tsiku lina mudzatsike pamwamba pa chitundacho, muyendeko wapansi ngakhale ola limodzi. Chigwa chonse chimayalika pansi panu ngati mphasa: Shire akukhotakhota, mlatho wa Kamuzu, midzi ya m'mphepete mwa mtsinje, kubiriwira kwa mzimbe kulowera ku Nchalo, ndipo kukakhala kopanda utsi, madzi a dambo la Elephant Marsh akunyezimira chapatali. Muziyenda mbali yoti magalimoto akubwera muziwaona kutsogolo kwanu. Malole a shuga sapereka mpata pamakona amenewa.

Pa chitunda chomwechi mudzakumana ndi anthu amene amachidziwa kuposa wina aliyense: azibambo okankha njinga zosenza matumba a makala kupita nawo ku Blantyre. Ena amanyamuka usiku kuti dzuwa liwapeze atakwera kale. N'zoona kuti makala akumaliza tsanya ndi mitengo ina ya m'mapiriwa, koma musanamuloze chala wokankha njingayo, kumbukirani mbaula imene ikuyaka kunyumba kwanu m'tauni. Mupatseni moni, ndipo mupatukireni adutse.

Kodi mumadziwa kuti chitunda chimenechi ndi mng'alu wa dziko? Chigwa cha Shire chili kumapeto a kummwera kwa chigwa chachikulu chimene chinang'amba Africa kuchokera ku Nyanja Yofiira, kudzera ku Ethiopia, Kenya ndi Tanzania. Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chomwecho. Kwa zaka mamiliyoni nthaka ya pakati inkatitimira pang'onopang'ono, ya m'mbali n'kutsala m'mwamba. Ndicho chifukwa mapiri a Thyolo anangoima mzere umodzi kuchokera ku Thabwa mpaka cha ku Muona.

Kodi mumadziwa kuti Shire, amene kuchigwa amayenda mwaulesi chonchi, kumtunda kwake ndi waukali? Amatuluka m'nyanja ya Malawi pa mamita pafupifupi 474, ndipo pakati pa Matope ndi Kapichira amatsika mamita oposa 350 kudzera m'mathithi otsatizana, ena mwa iwo ndi Nkula ndi Tedzani. Kapichira ndiwo otsiriza, ndipo ali pafupi ndi chipata cha nkhalango ya Majete, ulendo waufupi kuchokera pa boma la Chikwawa. Agogo, ana ndi onse amene maondo awo sakulola phiri, apa ndiye pawo: kuyenda n'kochepa koma maso amakhuta. Kungoti madzi odikha a pamwamba ndi a pansi pa mathithiwa musawayandikire. Muli ng'ona ndi mvuu.

Mathithi amenewa ndi amene anaimitsa David Livingstone mu Januwale 1859, atakwera Shire pa sitima yake yotchedwa Ma Robert. Iye anawapatsa dzina la Murchison, mkulu wa bungwe la Royal Geographical Society ku London. Sitima italephera, panatsala miyendo: chaka chomwecho anakwera mapiri wapansi kukafika ku nyanja ya Chilwa mu Epulo, ndi ku nyanja ya Malawi mu Sepitembala. Koma ulendo wapansi woposa onse pano unachitika mu 1875. Amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi E.D. Young, anaphwasula sitima ya Ilala zidutswazidutswa, ndipo anthu mazanamazana a m'chigwa muno anaisenza pamutu ndi pamapewa, kulambalala mathithi onse, mpaka kukaimanganso kumtunda. Sitimayo inalowa m'nyanja ya Malawi pa 12 Okutobala 1875. Mabuku a sukulu amatama Young ndi mmishoni mnzake Robert Laws. Ine ulemu wanga ndimaupereka kwa amene anakwera miyala yotentha ya mwezi wa Sepitembala, opanda nsapato, chitsulo chili pamutu.

Kodi mumadziwa kuti pafupi ndi Kapichira pali manda a munthu amene anayeza phiri la Kilimanjaro? Ndi Richard Thornton, katswiri wa za miyala amene anabwera ndi Livingstone. Mu 1861 anapita ku Kilimanjaro ndi Baron von der Decken wa ku Germany, kenaka n'kubwerera kuno. Kutagwa njala m'chigwa, anayenda wapansi kupita ku Tete kukagula mbuzi ndi nkhosa zodyetsa anzake, koma ulendowo unamufoola, ndipo anamwalira mu Epulo 1863 ali ndi zaka 25 zokha. Anamuika pansi pa mlambe.

Kodi mumadziwa kuti ku Majete sikuti n'kongozungulira pa galimoto? Kuli phiri la Majete, lotalika mamita oposa 700, limene alendo amakwera motsogozedwa ndi renja wonyamula mfuti. Poyerekeza ndi Mulanje kapena Zomba ndi kaphiri chabe, koma poti chigwa chili pansi kwambiri, mukafika pamwamba mumaona kutali modabwitsa: nkhalango yonse, mzere wa mitengo yobiriwira yotsata Shire ndi Mkulumadzi, mapiri a Thyolo ndi a Blantyre kuvuma, ndi zitunda zolowera ku malire a Mozambique kuzambwe. Ulendowu mumayenera kuukonzeratu ndi akuluakulu a pamalopo, chifukwa munthu saloledwa kuyendamo yekha. Mumayenda mondondozana, osalongolola, ndipo renja akati imani, mumaima. Njovu kapena njati ikatulukira, chachikulu n'kusathawa mwachisawawa.

Zoti lero munthu amafunika womulondera m'Majete n'zonyaditsa. Nkhalangoyi, ya masikweya kilomita pafupifupi 700, inatetezedwa mu 1955, koma pofika m'ma 1990 opha nyama mozemba anali atamaliza njovu zonse. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziiyang'anira. Zipembere zinabwera chaka chomwecho, njovu kuyambira 2006, akambuku 2011, mikango 2012, akadyansonga 2018, mimbulu 2021. Njovu zinaswana mpaka mu 2017 Majete inatumizako zina ku nkhalango ya Nkhotakota.

Kodi mumadziwa kuti madzi a pa Kapichira amayatsa mababu a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu? Makina a pamenepa, amene gawo lake loyamba linayamba kugwira ntchito mu 2000 ndipo lachiwiri linamalizidwa patapita zaka zoposa khumi, amapanga mamegawati pafupifupi 130. Namondwe Ana atagumula damu lake mu Januwale 2022, dziko lonse linalowa m'mavuto a kuthimathima kwa magetsi mpaka 2023. Pomwepanso ndi pamene payambira ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme, imene cholinga chake n'kuthirira mahekitala oposa 43,000. Mukaima pa zitunda zoyandikana, mzere wa ngalandeyo mumautsata ndi maso.

Kodi mumadziwa kuti njanji isanabwere, katundu wopita ku Blantyre ankakwera chitunda cha Chikwawa pamitu ya anthu? Sitima zochokera ku Chinde, kumathiriro a Zambezi, zinkatsitsa katundu pa dooko la kwa Katunga, ndipo amtengatenga ankamusenza kukwera naye. Azungu ambiri ankakwera atagona m'machila. Katunga, Kasisi, Maseya ndi Mlilima anali Amakololo amene anabwera ndi Livingstone kuchokera kumtunda kwa Zambezi, n'kukhazikika pakati pa Amang'anja mpaka kukhala mafumu, ndipo maina awo akadali a mafumu aakulu ku Chikwawa mpaka lero. Njanji yochokera ku Port Herald, imene tsopano ndi Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908.

Ku Lengwe musapiteko ndi mtima wokwera phiri. Mbali imene alendo amafikako ndi yathyathyathya, ya ziyangoyango. Chokopa chake ndi boo, nyama imene mwachilengedwe sipezeka kumpoto kupitirira chigwa chino. Malowa anatetezedwa mu 1928 ndipo anakhala paki mu 1970. Zitunda zake za miyala zili kutali kuzambwe, kovuta kufikako.

Kodi mumadziwa kuti njira zokoma kwambiri zokwerera mapiri kuno sizinalambulidwe ndi boma kapena kampani ya alendo? Zili kutsidya kwa Shire, kumene timati ku East Bank, m'mbali mwa msewu wochoka pa Thabwa kudzera ku Mitondo, Livunzu, Masenjere mpaka ku Fatima ndi Muona. Pafupifupi mudzi uliwonse wa m'tsinde mwa phiri uli ndi kanjira kake kokwera ku Thyolo. Ndi njira za malonda ndi za chibale: nsomba zouma zimakwera, nthochi ndi ndiwo zamasamba zimatsika, anthu amapita kumaliro ndi kuukwati. Mayi wosenza dengu amakupitirirani inu mukupuma wefuwefu. Simufunika kukafika pamwamba penipeni. Mukangokwera pang'ono, kamphepo kamayamba kumveka, minda ya mpunga ya ku Nkhate kapena ku Muona imaoneka timabwalo tobiriwira, ndipo dambo limatseguka kutsogolo kwanu.

Pamtunda pomwepo ndi pamene nkhani ya madzi osefukira imamveka bwino kuposa pa wailesi. Yang'anani mitsinje yotsika m'mapiriwa, Mwamphanzi, Maperera, Nkhate, Livunzu, Thangadzi. M'chilimwe ambiri ndi mchenga wokhawokha, wotambalala kuposa mmene madzi ake angafunire. Mchengawo ndi nthaka ya kumapiri. Mitengo ikadulidwa ndipo anthu n'kulima m'malo otsetsereka opanda akalozera, mvula siilowa pansi, imathamanga ndi dothi n'kukalitaya kuchigwa. Mtsinje ukakwiririka, madzi a chaka chotsatira amasowa podutsa, amalowa m'midzi. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, koma khwawa likadzaza mchenga madziwo amadzipangira lina pakati pa nyumba za anthu. Tinaziona mu Januwale 2015, tinazionanso ndi namondwe Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Amene amanena kuti anthu akuchigwa ndi osamva chifukwa sasamuka, akwere kaye pano aone kumene madziwo amachokera. Gawo lalikulu la vutoli limabadwira kumtunda.

Kodi mumadziwa kuti mtsinje wa Ruo, usanakumane ndi Shire pa Chiromo, umagwa mamita pafupifupi 60 pa mathithi a Zoa? Ali m'malire a Malawi ndi Mozambique, mbali ya boma la Thyolo, kufupi ndi njanji yakale yokwera kuchokera ku Makhanga kudzera ku Thekerani ndi Sandama. Sitima inaleka kuwoloka pakati pa Bangula ndi Chiromo madzi atakokolola njanji mu 1997, ndipo kuyambira pamenepo anthu akhala akuwolokera pa mabwato pa Mtayamoyo.

Cha ku Chiromo komweko ndi kumene anaikidwa Bishopu Charles Mackenzie, mtsogoleri woyamba wa mishoni ya UMCA, amene anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862.

Kodi mumadziwa kuti Livingstone analemba kuti anaona njovu pafupifupi 800 pa dambo la Elephant Marsh mu 1859? Lero mulibe ngakhale imodzi. Mwatsala mvuu, ng'ona, akakowa, avuwo, nkhwazi ndi mbalame zina zambirimbiri, komanso makakana ndi milamba imene imadyetsa mabanja ochuluka. Mu 2017 damboli linalembedwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse, ndi mahekitala oposa 61,000. Mukakhala m'bwato mumangoona bango ndi gumbwa kumanzere ndi kumanja. Kukula kwake kwenikweni kumadziwika muli paphiri, ndipo pamenepo mumamvetsa ntchito yake ina: madzi a Shire ndi Ruo akachuluka, amayamba amwazika m'dambomo asanatsikire ku Nsanje.

Kodi mumadziwa kuti nkhalango yaing'ono kwambiri mwa zosungira nyama m'Malawi ili ku Nsanje? Ndi Mwabvi, ya masikweya kilomita 135, imene inatetezedwa mu 1953. Njira yake imapatuka cha ku Bangula, ndipo imafuna galimoto yolimba kapena njinga yamoto. Kwa woyenda wapansi, ine ndimaiika patsogolo pa malo onse a m'chigwa. Kuli matanthwe a mwala wamchenga amene mvula ndi mphepo zinawasema mosiyanasiyana, ndipo ambiri ndi okwereka m'mphindi zochepa. Kulinso chigwembe cha mtsinje wa Mwabvi, kumene madzi anadula mwala n'kusiya mpata wopapatiza, makoma ataliatali uku ndi uku, mizu ya mikuyu italendewera. Kunja dzuwa likuswa mtengo, m'katimo muli kuzizira. M'chilimwe mumayenda pa mchenga wa pansi pake. M'dzinja musayerekeze kulowamo, ngakhale kumwamba kukuoneka koyera, pakuti mvula yogwa kutali imatha kudzaza mpatawo mosachenjeza. Nyama zake ndi zamanyazi: ngoma, mphalapala, njati, nswala ndi anyani, ndipo kawirikawiri mumangoona mapazi. Awa anali amodzi mwa malo otsiriza kupezeka zipembere za m'Malawi zisanathe.

Pansi pa nthaka ya Mwabvi ndi Lengwe pali malasha. Miyala ya kumeneku ndi yamtundu umodzi ndi ya ku Moatize m'chigawo cha Tete, kumene a Mozambique amakumba malasha ochuluka.

Kodi mumadziwa kuti ku Nsanje kuli malo amene munthu amafunda bulangete? Kwerani ku Chididi. Msewu wake umachoka pa boma n'kulunjika kuzambwe, kukwera mapiri a m'nkhalango ya Matandwe, imene inatetezedwa mu 1931 ndipo ndi ya mahekitala oposa 26,000. Amishoni a South Africa General Mission, amene anayambira ku Lulwe mu 1900, anamanganso ku Chididi, ndipo mpingo wawo lero ndi Africa Evangelical Church. Anasankha kumapiri pothawa kutentha ndi udzudzu. Kufupi ndi kumeneko kuli phiri lotchedwa Malawi, la mamita pafupifupi 900. Mukaima pamenepo mumazindikira kuti boma la Nsanje ndi lopapatiza zedi. Kuvuma, tsidya la Shire, ndi Mozambique. Kuzambwe, kuseri kwa mapiri omwewa, ndi Mozambique yemweyo. Pansi panu pali tauni ya Nsanje, dooko limene Bingu wa Mutharika anatsegulira mu Okutobala 2010, ndi dambo la Ndindi kulowera kummwera. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique m'ma 1980, othawa kwawo analowa m'bomali kuchokera mbali zonse ziwiri mpaka kuchuluka kuposa eni nthaka, ndipo nkhuni ndi milimo ya misasa yawo inachokeranso m'mapiri amenewa.

Kodi mumadziwa kuti pa phiri la Malawi pali kanyama kamene chiyambi chake ndi pomwepa basi pa dziko lonse lapansi? Ndi kananzikambe kakang'ono, kosapitirira masentimita 6, kofiirira, kamene masana kamayenda m'masamba ouma a pansi ndipo usiku kamagona pa timitengo tating'ono. Akatswiri amakatchula kuti Rhampholeon chapmanorum, ndipo anakalemba m'mabuku koyamba ndi Colin Tilbury mu 1992. Kamangokhala m'nkhalango yowirira yosayoyoka masamba. Zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mlengalenga zinaonetsa kuti pakati pa 1984 ndi 2019 pafupifupi magawo 80 pa 100 aliwonse a nkhalango imeneyi anatha, moti ambiri ankaopa kuti kanyamaka kanatheratu. Mu 2016 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Krystal Tolley wa ku South Africa, pamodzi ndi a Museums of Malawi, linakwera ndi matochi usiku n'kukapeza kakadalipo m'timisitu totsala. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2021. Vuto ndi lakuti timisituto n'totalikirana, ndipo kanyama koyenda pang'onopang'ono chotere sikangawoloke munda wa chimanga kukapeza anzake. Mu 1998 ananzikambe 37 anawasamutsira ku nkhalango ina ku Mikundi, makilomita 95 kumpoto, ndipo kumeneko anaswana. Ambirife tinakula tikuopa bilimankhwe ndi kumuponya miyala. Ameneyu saluma, alibe ululu. Mukamuona, mujambuleni n'kumusiya pomwepo, ndipo musathyole ngakhale ndodo m'kamsitu kake.

Kodi mumadziwa kuti kumunsi kwa mapiri omwewa kuli kachisi wa mvula wodziwika kwambiri kummwera kwa Malawi? Ndi Khulubvi, kwa Mbona. Monga amafotokozera akuluakulu a Chimang'anja, Mbona anali woitana mvula amene anathawa adani ake kuchokera kumpoto, akusiya zizindikiro pa miyala imene ankapumirapo. Anamupeza n'kumupha pa Ndione, magazi ake anayenderera kukhala mtsinje, ndipo mutu wake anauika m'msitu wa Khulubvi. Kwa zaka mazana anthu a mitundu yosiyanasiyana, ena ochokera ku Mozambique, akhala akutumiza nsembe kumeneko pakagwa chilala, ndipo mafumu Lundu, Ngabu ndi Malemia ali ndi udindo pa mwambowu. Wansembe wa Chikatolika Matthew Schoffeleers anaufufuza kwa zaka zambiri n'kulemba buku la River of Blood mu 1992, ndipo mu 2011 Malawi inapereka dzina la Khulubvi ku UNESCO kuti aganizire zoliika pa malo a mbiri ya dziko lonse. Kwa wokwera phiri, chooneka ndi maso n'chakuti msitu wa Khulubvi ukadali wakuda bii pakati pa minda yoyera, chifukwa palibe amene amalowamo ndi nkhwangwa. Si malo ongofikapo ngati pamsika. Mumapempha kwa osunga malowo, mumavula nsapato, ndipo za zovala ndi za kujambula amakuuzani ndi iwo.

Kodi mumadziwa kuti mapiri awiri otchuka amene amaoneka kuchokera ku Nsanje si athu? Kummwera chakuvuma kuli Morrumbala, limene Livingstone ndi mnzake John Kirk anakwera asanalowe m'Malawi wa lero. Amishoni a UMCA, atataya anzawo kwa Chibisa pafupi ndi boma la Chikwawa, anasamukira pa phiri limeneli mu 1863 asanapite ku Zanzibar. Chakumpoto kwake kuli Chiperone, la mamita oposa 2,000. Kamvula kowaza ndi nkhungu ya mu Juni ndi Julayi, imene timaitcha chiperoni, imabwera ndi mphepo yochokera mbali imeneyo. Ikafika, mapiri a Thyolo ndi a Chididi amabisika, ndipo wokwera amangoona mapazi ake. Dikirani ipite. Tsiku lotsatira kumayera moti ngakhale Mulanje amaoneka.

Kodi mumadziwa kuti mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Ngabu, Nchalo ndi Bangula kumapitirira madigiri 40? Miyezi imeneyi, amene wayamba kukwera dzuwa litatuluka wachedwa kale. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Kuyambira chakumapeto kwa Ogasiti utsi wa moto wa osaka mbewa ndi otentha tchire umaphimba chigwa, moti mutha kutuluka thukuta pachabe. Mvula yoyamba ikagwa mlengalenga mumayeranso ndipo mapiri amabiriwira msangamsanga, koma njira zimaterera. Mutu ukayamba kupweteka, chizungulire n'kubwera, thukuta n'kusiya kutuluka, chimenecho si chibwana: khalani pamthunzi, imwani madzi pang'onopang'ono, nyowetsani nsalu muike pakhosi, ndipo ulendo uthere pomwepo.

Madzi nyamulani ochuluka kuposa mmene mukuganizira, pakuti makwawa ambiri ndi ouma. Thobwa wa m'botolo amathandiza, chimodzimodzi mtedza wokazinga ndi mbatata yophika. Zina chigwa chimapereka chokha m'nyengo yake: masawu, malambe ndi bwemba. Valani chipewa, nsapato zogwira bwino pamwala ndi buluku lalitali. Mdani wamkulu wa m'tchire la kuno m'miyezi yozizira ndi chitedze. Phunzirani kuchizindikira, ndipo musakhale pansi pake mphepo ikuwomba. Popuma, yang'anani kaye pansi pa mwala musanaikepo dzanja, chifukwa zinkhanira ndi mphiri zimakonda mthunzi womwewo.

Kodi mumadziwa kuti phiri lililonse kuno lili ndi mwini wake? M'Majete, Lengwe ndi Mwabvi mumalipira pachipata ndi kuyenda ndi renja. M'Matandwe mumadziwitsa a ofesi ya zankhalango pa boma la Nsanje. M'mapiri a m'midzi mumayamba mwafika kwa anyakwawa, kupereka moni ndi kunena chimene mwadzera. Safunsa anadya phula: kamsitu kowirira kamene mukukaona ngati pothawira dzuwa kangakhale manda, ndipo kanjira kooneka kabwino kangakutulutsireni ku Mozambique mulibe chiphaso. Anyakwawa adzakupatsani mnyamata wodziwa njira, kasupe ndi malo a njuchi. Gwirizanani za malipiro ake musananyamuke, mumupatse zokwanira osanyinyirika, ndipo madzi ndi kamba wa panjira mugawane naye mofanana.